ZA PAKHOMO PATHU: Nkhalango za Ntcheu ndi Alendo Ake

Mwezi uno tifuna tikambirane nkhani imene ambiri a ife timaiyesa ya azungu ndi anthu achuma okha, ndiyo ya kuyenda kukaona malo. Tikamva za alendo odzaona dziko, maganizo athu amathamangira kwa munthu wochokera kutsidya kwa nyanja, atakoleka kamera m'khosi, ali m'galimoto yaikulu pa ulendo wa ku Liwonde kapena ku Nyika. Sitiganizako za mayi wa ku Kandeu ndi ana ake, kapena za gogo wa ku Nsipe woyenda ndi ndodo. Koma eni ake a mapiri ndi nkhalango za dziko lino ndiwo mayiyo ndi gogoyo. Ngati iwo saziona, ndipo sapindula nazo kanthu, ndani adzazisunga? Tsono titenge boma la Ntcheu kuti likhale chitsanzo chathu, pakuti zimene zili zoona kumeneko zili zoonanso m'maboma ena ambiri.

Boma lopitirira anthu

Ntcheu ndi boma limene pafupifupi Mmalaŵi aliyense woyenda adapitamo, koma ndi owerengeka amene adaliona bwino. Msewu waukulu wa M1 wochokera ku Lilongwe kunka ku Blantyre umadutsa m'menemo, ndipo kuyambira ku Lizulu kufikira ku Biriwiri umayenda m'malire enieni, kotero kuti munthu akayang'ana pa zenera la mbali ina aona Malaŵi, pa la mbali inayo aona Mozambique. Mabasi amaima pa Lizulu ndi pa mphambano ya ku Tsangano, anthu natsika kugula kachewere, kabichi, anyezi ndi tomato. Akatha kulipira amakwera msanga, ulendo n'kupitirira. Ndalama zimene amasiya ndi za ndiwo zokha.

Komatu kumene akuthamangirako asiya zambiri m'mbuyo. Kumadzulo kwa boma kuli mapiri a Kirk Range ozizira bwino, ndipo kum'mawa dziko limatsetsereka kufikira ku chigwa chofunda cha Bwanje. M'mapirimo muli nkhalango ziwiri za boma, Dzonzi ndi Mvai, zimene zidapatulidwa m'zaka za m'ma 1920 kuti zisunge mitengo ndi magwero a mitsinje. Muli mitengo yachilengedwe monga misuku ndi mombo, mulinso minda ya paini imene idabzalidwa pambuyo pake. Ku Ntcheu kulibe paki ya nyama zikuluzikulu monga ku Kasungu kapena ku Liwonde. Chuma chake ndi phiri, mtengo, madzi, mphepo yabwino, ndi mbiri ya Angoni a kwa Maseko. Manda a Inkosi Gomani Chikuse, amene adaphedwa ndi asilikali a boma la atsamunda mu 1896, ali m'boma lomweli, ndipo chaka ndi chaka anthu ambirimbiri amasonkhana pa mudzi wa Nkolimbo ku mwambo wa Umhlangano kudzaona ngoma ndi kukumbukira makolo awo.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'boma la Ntcheu muli anthu oposa 650,000. Onsewa afuna munda, afuna nkhuni, afuna madzi. Apa ndi pamene pali povuta pa nkhani yathu.

Phunziro la ku Mpira

M'nkhalango ya Mvai muli damu la Mpira, limene lidamangidwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Madzi ake safuna injini. Amatsika okha m'mapaipi kuchokera kuphiri kufikira ku midzi yambiri ya Ntcheu ndi Balaka. Kwa zaka zambiri amayi adangotsegula mpopi, osalabadira kumene madziwo achokera. Mu 2018 damu lija lidaphwa. Mipopi idauma, ndipo amayi ndi atsikana adabwereranso ku zitsime ndi ku mitsinje, kulawira m'bandakucha ndi ndowa pamutu. Kuchepa kwa mvula kudali chifukwa chimodzi, koma china chidali kudula mitengo ndi kulima m'malo otsetsereka kumtunda kwa damu.

Timvetse bwino m'mene zimenezi zimachitikira, kuti tithe kufotokozera ana athu. Pamene pali mitengo, madontho a mvula amayamba agwa pa masamba, kenaka pa zinyalala zowola pansi, ndipo madzi amalowa m'nthaka pang'onopang'ono. Nthakayo imawasunga, n'kumawatulutsa m'akasupe kufikira m'chilimwe. Pamene mitengo yadulidwa, mvula imamenya dothi lopanda chofunda, madzi nathamanga tsiku limodzi, atanyamula dothilo kukalitaya m'damu. Chaka ndi chaka matope amakwera, malo a madzi amachepa. Kotero munthu wotentha makala ku Mvai amaumitsa mpopi wa munthu wa ku Balaka amene sadamuonepo nkhope.

Sitifuna kuweruza msanga munthu wotentha makalayo. Kawirikawiri ndi bambo amene chimanga chidamuthera m'nkhokwe mwezi wa Novembala, ndipo ana afuna fizi. Ogula makala ake ndife tomwe okhala m'matauni, pakuti mabanja ochuluka koposa m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Lamulo la nkhalango la 1997 lidakhwimitsidwa mu 2020, ndipo zilango zake n'zowawa. Koma lamulo lokha silidzaza m'mimba. Mtengo udzaleka kudulidwa tsiku limene mtengo woimirira udzayamba kudyetsa banja kuposa mtengo wogwa. Ntchito yolandira alendo ndi njira imodzi ya zimenezi, pakuti thumba la makala ligulitsidwa kamodzi, koma mthunzi wa mtengo womwewo ungathe kulipiridwa ndi mlendo chaka chino, chaka cha mawa, ndi mlendo winanso m'masiku a zidzukulu.

Zimene anzathu aona

Izi si nthano ayi. Ku Majete, m'boma la Chikwawa, nyama zikuluzikulu zidatha ndi alenje opha mobisa, kotero kuti pofika m'zaka za m'ma 1990 njovu kudalibenso. Mu 2003 boma lidagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti lisamale malowo. Zipembere zidabwezedwa chaka chomwecho, njovu zidatsatira mu 2006, ndi mikango mu 2012. Lero ku Majete kumafika alendo, ndipo anthu a m'midzi yozungulira amalembedwa ntchito, ena amaweta njuchi ndi kugulitsa uchi. Paki ya Liwonde, imene idakhazikitsidwa mu 1973, idalowa m'pangano lotere mu 2015. Mikango idabwerera kumeneko mu 2018, ndipo njovu zidachuluka kufikira kuti m'zaka za 2016 ndi 2017 zina, pamodzi ndi za ku Majete, zokwana ngati 500, zidasamutsidwira ku Nkhotakota.

Anansi athu a ku Dedza ali ndi zojambula za makolo pa matanthwe a Chongoni, malo 127, zimene bungwe la UNESCO lidazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Paki ya Nyanja ya Malaŵi ku Cape Maclear idalembedwa m'kaundula yemweyo mu 1984 chifukwa cha nsomba zake zazing'ono zamaanga zotchedwa mbuna, ndipo phiri la Mulanje lidalowamo mu 2025. Ku Mulanjeko anyamata ambiri amadya chifukwa cholondolera alendo njira ndi kuwasenzera katundu. Anthu a maiko akutali amalipira ndalama zambiri kudzaona zinthu zimene ife tili nazo pakhomo.

Koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2022 njovu 263 zidachotsedwa ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu, ndipo pambuyo pake anthu a m'midzi ya m'malire a pakiyo, ku Malaŵi ndi ku Zambia komwe, adadandaula kuti njovu zikuwathera minda ndi kupha abale awo. Ichi chitikumbutsa kuti kusunga chilengedwe kuli ndi mtengo wake, ndipo kawirikawiri wolipira ndi mlimi wosauka wa m'mphepete mwa nkhalango, pamene wosangalala ndi mlendo. Ntchito yokopa alendo imene iiwala mlimi ameneyu siingakhalitse.

Ulendo wosatha nkhalango

Tsono ngati anthu a ku Ntcheu afuna kuti mabasi aja aziima nthawi yotalikirapo, ayenera kuyamba ndi mafunso atatu.

Loyamba ndi ili: ndalama ya mlendo idzagwera m'thumba la yani? Ngati mlendo abwera ndi chakudya chake chochokera mumzinda, ndi womulondolera wake wochokera mumzinda, nabwerera madzulo, mudzi utsala ndi fumbi la galimoto lokha. Koma ngati womulondolera ndi mnyamata wa m'mudzi wapafupi, wodziwa dzina la mtengo uliwonse ndi ntchito yake. Ngati nsima ndi nkhwani wotendera zaphikidwa ndi amayi a pomwepo. Ngati uchi, bowa wouma, madengu ndi mphasa zagulidwa kwa eni ake, pamenepo mudzi wonse udzakhala mlonda wa nkhalango. Lamulo la nkhalango limalola midzi kukhala ndi makomiti osamala zachilengedwe ndi kupangana ndi boma za kasamalidwe ka nkhalango. Makomiti otere, pamodzi ndi mafumu ndi alangizi a zankhalango, ndiwo ayenera kupangana za malipiro, ndipo kaundula wa ndalama aziwerengedwa poyera pamaso pa mudzi. Palibe chimene chimapha ntchito ya gulu msanga kuposa ndalama yosungidwa mumdima.

Lachiwiri: malowo angalandire anthu angati osawonongeka? Kasupe wokongola angathe kusanduka chithaphwi ngati mapazi achuluka. Njira zikhale zodziwika, ndipo anthu asatulukemo. Pafupi ndi damu kapena gwero la mtsinje pasakhale kuchapa, kusamba kapena chimbudzi, pakuti madziwo ndi akumwa a anthu ena. Magulu akuluakulu agawidwe, ena lero, ena sabata yamawa.

Lachitatu: mlendo adzasiya chiyani? Akulu adati ukayenda siya phazi. Mapepala a pulasitiki opyapyala adaletsedwa m'dziko muno mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo lidatsimikiza chiletsocho mu 2019, komabe timawaona atakoleka m'zitsamba paliponse pamene anthu adadyerapo. Choopsa koposa ndi moto. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma, kachitsa kamodzi ka ndudu kangathe kupsereza mitengo ya zaka makumi awiri tsiku limodzi. Ndipo dzanja limene lilemba dzina lake ndi makala pa thanthwe la zojambula zakale, lifafaniza chimene makolo adachisunga zaka mazanamazana.

Khomo litsegukire onse

Tifike tsopano pa mbali imene imaiwalika kwambiri. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti mwa anthu khumi aliwonse a zaka zisanu kunka m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali wa mtundu wina. Tikawonjezapo okalamba, amayi oyembekezera ndi obereka ana kumbuyo, tiona kuti pafupifupi banja lililonse lili ndi munthu amene sangathe kukwera phiri monga mnyamata. Kodi ameneyo azitsala pakhomo kulondera nkhuku pamene ena apita kukasangalala? Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loteteza anthu aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 lidabwera lamulo latsopano m'malo mwake. Mtima wa malamulo amenewa ndi wakuti malo a anthu onse akhale ofikirika ndi anthu onse. Nkhalango ya boma ndi malo a anthu onse.

Ena adzati zimenezi zifuna ndalama zambiri. Si zonse ayi. Sikofunika kuti njira iliyonse ikafike pamwamba pa phiri. Pakhale njira imodzi yaifupi, yosatsetsereka kwambiri, yosalazidwa ndi kutsenderedwa bwino, yotakata mokwanira njinga ya munthu wolumala, yokafika pamalo pamene munthu angaone chigwa kapena madzi. M'mbali mwake muikidwe mabenchi a matabwa pamithunzi, kuti gogo azipuma. Chimbudzi chimodzi chikhale cha khomo lalikulu, chopanda masitepe, chokhala ndi chogwirira. Zonsezi amisiri a m'mudzi angathe kuzipanga ndi makasu, njerwa ndi matabwa.

Munthu wosaona ali nayo njira yake yodziwira nkhalango. Womulondolera waluso adzamugwiritsa khungwa la msuku ndi la mombo kuti asiyanitse, adzamununkhiza tsamba, adzakhala naye chete kuti amve kulira kwa nkhwali ndi njiwa ndi kuyenda kwa madzi. Munthu wosamva afuna zikwangwani zolembedwa bwino, ndi wina wodziwako chinenero cha manja. Mwana wachialubino afuna mthunzi, chipewa chachikulu, ndi ulendo wa m'mawa dzuwa lisanakule. Ndipo pofuna kudziwa chimene chifunika, tifunse eni ake. Bungwe la FEDOMA, limene limasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali m'dziko muno, ndi anthu aulumali a m'midzi yathu yomwe, adziwa kuposa ife pamene mwala upunthwitsa.

Palinso mpanda wina wosaoneka ndi maso, ndiwo chinenero ndi manyazi. Zikwangwani zambiri za m'malo otere zili m'Chingerezi chokha, ngati kuti mwini dziko sayembekezeka kufika. Zilembedwenso m'Chichewa. Ndipo anthu ambiri sadziwa kuti m'mapaki athu Mmalaŵi amalipira ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja. Chimene chimalemera si khomo, koma ulendo. Pamenepa mutu umodzi susenza denga: mabanja khumi atasonkha pang'onopang'ono kuyambira nthawi yokolola, angathe kubwereka minibasi ya tsiku limodzi. Kuchokera ku Ntcheu, kudzera pa Chingeni ndi Balaka, munthu afika ku Liwonde m'mawa womwewo, naona mvuu ndi ng'ona mu mtsinje wa Shire, nabwerako lisanade.

Chimene banja lingachite

Tiyambe ndi pafupi. Bambo ndi mayi asankhe Loweruka limodzi m'miyezi ya Meyi, Juni kapena Julayi, mvula itatha ndipo moto wolusa usanayambe, atenge ana kupita ku phiri kapena nkhalango yoyandikana nawo. Ngati ndi nkhalango ya boma monga Dzonzi kapena Mvai, ayambe afika ku ofesi ya zankhalango kukapempha chilolezo ndi kumva malamulo ake, ndipo akafika pamudzi wa m'mphepete apereke moni kwa anyakwawa ndi kupempha munthu wowalondolera. Safunsa adadya phula. Munthuyo alipidwe mosanyinyirika, pakuti wasiya ntchito yake. Kamba wa paulendo akhale wophikaphika, mbatata kapena chinangwa, kuti pasakhale chifukwa chosonkhera moto. Chilichonse chimene chalowa m'thumba popita, chibwerere m'thumba pobwera. Ana asathyole nthambi, asatole mazira a mbalame, ndipo malegeni atsale kunyumba.

Agogo asasiyidwe. Iwo ndiwo adziwa kuti pa phiri lakuti padali nkhalango yowirira, kuti mtsinje wakuti sunkaphwa, kuti bowa uyu ndi wodyedwa ndipo uyo ndi wakupha. Mwana amene wamva zimenezi ataima pamalo pomwepo sadzaziiwala monga aiwala za m'buku. M'mera m'poyamba.

Aphunzitsi nawonso ali ndi gawo. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene chiyambi chake ndi cha mu 1947, lakhala likulimbikitsa magulu a zachilengedwe m'sukulu. Gulu lotere lingathe kuyendera damu la Mpira, kuona ndi maso kumene madzi a pampopi achokera, ndi kubwerera kukafesa mbewu za mitengo. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Koma kubzala kokha sikukwanira. Mtengo ufuna kupaliridwa, kutetezedwa ku mbuzi, ndi kulambuliridwa moto usanafike.

Ndipo ife amene timangodutsa pa msewu wa M1, tsiku lina tikonze ulendo wathu kuti tigone usiku umodzi ku Ntcheu. Tidye chakudya cha pomwepo, tifunse njira ya kuphiri, tigule uchi m'malo mwa thumba la makala. Eni malo ogona ndi odyera akaona kuti anthu akufunsa za nkhalango, adzayamba okha kufunafuna anyamata olondolera alendo, ndipo makhansala ndi mafumu adzaona chifukwa chokonzera njira.

Akulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wochokera kutali adzabwera, adzajambula zithunzi zake, nadzapita. Otsala ndi phiri ndife. Mitengo ya ku Mvai ikatha, iye adzapita kukaona dziko lina, koma mwana wathu wamkazi ndiye adzasenza ndowa. Chifukwa chake tiyeni tiyambe ife eni kuyendera malo athu, tonse pamodzi ndi wa ndodo ndi wa njinga yemwe, kuti ana athu akule akuwadziwa ndi kuwakonda. Tikumanenso mwezi wamawa pa tsamba lomwe lino.